Liwu Lofuna Mtunda

Kwathu ku Kasungu liwu limayenda. Dzikolo ndi lathyathyathya, moti ukaima pamsewu wa M1 cha ku Chinkhoma n'kumwaza maso, palibe chokutchinga mpaka kumene minda yakumana ndi thambo, kupatula phiri la Kasungu lomwe laima lokhalokha chakumpoto. Khutu nalonso silitchingidwa. Amayi akamasinja kumudzi wina, ife tinkamva kugunda kwa munsi tili kudambo. Ng'oma ya gule ikalira usiku, akuluakulu ankatchula mudzi umene yachokera osadzuka pamphasa. Ngolo tinkaidziwa mwini wake isanatulukire, chifukwa woyendetsa aliyense anali ndi likhweru lakelake loimbira ng'ombe zake.

Kuno ku Joni phokoso n'lochuluka kuposa kwathu. Matekisi amaliza mahutala kuyambira m'bandakucha, magetsi akazima majenereta amayamba kubangula, ndipo wailesi ya mnzako wa chipinda chinacho umaimva ngakhale usakufuna. Koma phokoso lonseli limabadwira pafupi n'kuferanso pafupi, pakati pa makoma ndi mipanda ya waya. Anzanga akamadandaula za kumudzi amatchula usipa, nkhwani zotendera, ufa woyera wa pamtondo. Zina mwa izo zimafika ndithu, a mathiransipoti amabwera nazo m'zikwama. Ine chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti ndinali nditaleka kumva chinthu chili kutali. Njala imeneyo ndi imene inandifikitsa pogula chitoliro.

Ndinakulira pa esiteti ya fodya. Ana a pamenepo chaka tinkachiwerenga ndi fodyayo: Seputembala ndi wa nazale ndi makheni othirira, mvula yoyamba ndi yowokera, Januwale ndi Febuluwale ndi othyola, kusoka ndi kupachika, kenako kusankha, kudinda mabelo pajeke, n'kumadikira okushoni kuti itsegule cha mu Epulo. Manja athu ankada ndi utomoni wa masamba, womata ndi wowawa, wosachoka msanga ngakhale utsuke ndi phulusa. Fodya wa bale amauma yekha ndi mphepo m'zigafa, koma bambo anga anali wa pabani, kumene amawotcha fodya wa fulu. Bani imodzi imafuna moto pafupifupi sabata yathunthu, usana ndi usiku. Umayamba ndi moto wochepa kuti tsamba lichite chikasu, kenako n'kumaukweza pang'onopang'ono kuti tsamba liume, pomaliza n'kuukweza kwambiri kuti uumitse mtsempha wa pakati. Moto ukazilala fodya amawonongeka mtundu, ukapitirira bani yonse itha kuyaka. Ndiye wosonkhezera sagona.

Usiku umenewo ndi umene unali wa zitoliro. Ife anyamata tinkaperekeza makolo kukasenza nkhuni, ndipo tulo tikayamba kulemera, wina ankatulutsa chitoliro n'kuliza. Pakapita kanthawi, kumabani a esiteti ina, kutali kumene timangoona kamoto kofiira, wina ankayankha. Ambiri a iwo sindinawaonepo nkhope. Ena anali ana a matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo nyimbo zawo zinali ndi kakhotedwe kena kosiyana ndi kathu. Tinkatengerana nyimbo mumdima chomwecho, chaka chotsatira iwo atasamuka nyimbo zawo zili ndi ife.

Zitoliro zathu tinkapanga tokha. Cha phesi la tsamba la papaya chinali cha tsiku limodzi, mawa lake chafota. Cha bango la kudambo chinkakhalitsako koma sichichedwa kung'aluka. Chenicheni chinali cha nsungwi youma bwino, mabowo ake oboola ndi sipoko ya njinga yowotcha pamoto wa bani womwewo, atatu kapena anayi. Panalibe muyeso wina woposa zala za mwini wake.

Sindikufuna kuukometsera moyo umenewo. Febuluwale anali mwezi wa ntchito yowawa ndiponso wa njala. Matenanti ankalandira chimanga cha ngongole chomwe ankadzawadula pogulitsa fodya, ndipo ena ankamaliza chaka chonse n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Mpaka 1990 mlimi wamba sankaloledwa n'komwe kulima bale pamunda wake. Anali fodya wa maesiteti. Mitengo yachilengedwe imene agogo ankaitchula maina inathera m'mabani ndi m'zigafa, ndipo kuyera kwa dziko kumene ndikukusiriraku mbali ina kunabwera ndi nkhwangwa. Zonsezo ndikuzidziwa. Komabe mtima sufunsa chilolezo posankha chimene ukumbukire, ndipo wanga unasankha liwu lija loyankha kuchokera kutali.

Chitoliro chachitsulo ndinachiona koyamba kwa atsibweni. Iwo anali m'gulu la amene anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa bungwe la Wenela kulemba anthu ntchito ya kumigodi, ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi. M'bokosi lawo lachitsulo munali bulangete lolemera, jekete, ndi kachitsulo konyezimira ka mabowo asanu ndi limodzi. Ankakatulutsa pa Khirisimasi kapena pakakhala mowa wa ukwati. Kagwiridwe kake kanali kachilendo: ankapendeketsa mutu, n'kulowetsa mlomo wa chitolirocho mkati mwa kamwa chakutsaya, osati pamilomo pokha. Liwu linkatuluka lonenepa, lotha kutsetsereka kuchoka pena kupita pena osaduka. Ndikapempha ankandipatsa kuti ndingogwira.

"Mphwanga, ichi si cha nsungwi ayi," ankatero. "Ukachiponda sudzapeza china kuno."

Pa wailesi ya MBC tinkamva liwu lomwelo m'nyimbo za a Kachamba. Daniel ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anakhalako ku Salisbury ali ana, kumene nyimbo za kwela zochokera ku Joni zinali pakamwa pa aliyense. Atabwerera kumudzi anazipatsa moyo wina, Daniel pagitala, Donald pachitoliro. Katswiri wa nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, ndipo kuchokera pamenepo nyimbo zawo zinafika maiko ambiri. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Kuno kumene kwela inabadwira, saksofoni ndi magitala amagetsi zinali zitalanda kale malo a chitoliro, koma ku Chileka anapitiriza kuchiliza zaka zambiri. Zimenezi zimandinyaditsa, ndipo ndimawauza anzanga a kuno ndikapeza mpata.

Nditafika ku Johannesburg ndinkayembekezera kuti ndidzamva chitoliro pangodya iliyonse. M'misewu ya mzinda uno ndi mmene anyamata osauka a m'ma 1950 ankaliza zitoliro kuti odutsa awaponyere makobidi. Willard Cele anamveka mufilimu ya The Magic Garden mu 1951, ana ambiri a ku Alexandra n'kuyamba kumutsanzira. Nyimbo ya Tom Hark, ya gulu la Elias Lerole, inafika pa nambala 2 ku Britain mu 1958. Koma amene amandikhudza kwambiri ndi Spokes Mashiyane. Iye anaphunzirira pa chitoliro cha bango akuweta ng'ombe kumudzi, anabwera mumzinda uno kudzagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo tsiku lopuma ankaimba ku Zoo Lake ndi woimba gitala France Pilane, asanajambule nyimbo zake zoyamba ku Trutone mu 1954. Inenso ntchito yanga ndi ya pakhomo pa anthu, yosamala maluwa ndi kapinga. Ndikamva mbale zake ndimamva mnyamata wa kubusa amene waikidwa pakati pa makoma.

Lero m'misewu imeneyi chitoliro sichimvekanso kawirikawiri. M'masitolo a zoimbira zilimo, zochokera kunja, thupi lachitsulo mutu wapulasitiki. N'zabwino ndithu, mawu ake ndi olunjika, mtengo wake si woopsa. Koma zambiri amazigulitsa zili zomata m'pepala, ndipo suloledwa kuliza usanalipire. Ine kugula chitoliro chimene sindinachiuzire mpweya kunandikanika.

Amene ndinamugula ndinamupeza mwangozi. Pafupi ndi pokwerera matekisi pali bambo wina wachikulire wokhoma zidebe, mbaula ndi mafanelo. Tsiku lina ndikuyankhula pafoni ndi mlongo wanga ndili chiimire pambali pake, nditamaliza anandifunsa m'chinenero chathu kuti kwathu n'kuti. Iye ndi wa ku Angónia, m'chigawo cha Tete, kungodumpha malire a ku Dedza. Tikucheza ndinaona m'chitini cha misomali mwatuluka timitu ta zitoliro. Anati amapanga nthawi imene ntchito ya zidebe yachepa, n'kumapikulitsa kwa ogulitsa ziboliboli.

Anali ndi mitundu iwiri. Zina anadula paipi ya aluminiyamu, yofanana kukula kwake kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Zina anapinda yekha kuchokera ku lata losalala, zotakata kumlomo n'kumka zichepa kumunsi, msoko wake wowotcherera kumbuyo, kumlomo atatsekako ndi kachikuni kosema. Mtundu wachiwiriwu ndi wakale kwambiri. Robert Clarke, munthu wa ganyu ya m'minda ku Suffolk ku England, anayamba kupanga zotere mu 1843, n'kumagulitsa akukankha kangolo ulendo wa ku Manchester. Madala wanga za Clarke sankazidziwa. Iye anangomasula chitoliro chakale chimene anatola, n'kuona mmene anachipindira.

"Musathamangire chonyezimira, achimwene," anatero akuzitsanulira pathebulo. "Zonsezi ndapanga ndine, koma palibe ziwiri zofanana. Lizani."

Pamenepo ndi pamene ndinaphunzira kusankha, ndipo ndikulemba mwatsatanetsatane chifukwa wina angadzafune. Choyamba anandiuza kuti nditseke mabowo onse asanu ndi limodzi n'kuuzira pang'ono. Liwu lapansi limenelo ndilo limaulula chitoliro. Likakhala lonjenjemera, kapena likangodumphira m'mwamba ukawonjezera mpweya pang'ono pokha, chisiye. Kenako, zala zili chitsekere, uuzire mwamphamvu kuti liwu lomwelo likwere m'mwamba. Lam'mwambalo liyenera kukhala mwana weniweni wa lapansilo, osati loperewera kapena lopitirira. Apa zopinda ndi manja zija zinkaposa za paipi, chifukwa kuchepa kwa kumunsi kumathandiza kuti mawu apansi ndi am'mwamba agwirizane. Ukatero ukwere bowo ndi bowo mpaka pamwamba penipeni, n'kumva ngati mawu omalizawo akutuluka mwaulemu kapena akuchita kufuna kukuwa.

Anandionetsanso kuyang'ana chitoliro polozetsa kudzuwa. Mpweya umadutsa m'kanjira kopapatiza pamwamba pa kachikuni, n'kukamenya m'mphepete mwa kawindo kamene kali patsogolo pake. Mphepete imeneyo ndiyo imang'amba mpweya n'kubala liwu. Ukasuzumira m'kanjirako uyenera kuiona ili pakati, yowongoka, kuwala kukuonekera pang'ono pansi pake. Ikapindikira m'mwamba chitoliro chimangofwenthera, ikatsika kwambiri chimatsamwa. Ndinafunsanso za mtovu, poti ndinamva kuti zitoliro zina zakale ankazitseka kumlomo ndi mtovu, umene ndi poizoni. Iye anati n'chifukwa chake amaika chikuni, ndipo chowotcherera sachifikitsa pamene pamakhudza milomo. Wogula aliyense afunse funso limeneli, makamaka ngati akugulira mwana.

Zambiri za m'masitolo ndi za kiyi ya D, zotalika pafupifupi masentimita 30, zokondedwa ndi oimba nyimbo za ku Ireland. Ine mtima unagwa pa china chotalikirapo, cha B flat, kiyi imene oimba kwela ankaikonda. Liwu lake linali lozama, lokhala ndi kamphepo m'kati, losayera kwambiri, ndipo kamphepo kameneko n'kamene kanandikumbutsa nsungwi. Chinkadya mpweya wambiri kuposa zinzake, msoko wake unali wokhotako, koma nditaliza liwu lapansi ndinamva kunjenjemera kwake m'zala. Bowo lachitatu lokha linali lotsikirako mawu. Madala anamvetsera maso ali chitsinzire, anatenga tupa wozungulira n'kupala kangapo, n'kundipatsa kuti ndiyesenso. Anati bowo ukalikulitsa liwu limakwera, koma chitsulo chimene wapala sichibwerera, ndiye amapala pang'ono pang'ono. Likapitirira amachepetsa ndi phula la njuchi.

Pamtengo sitinalimbane. Anatchula ndalama yoposa ya m'sitolo, ine ndinapempha kuti atsitseko monga mwa mwambo, iye anachotsako pang'ono, tinagwirana chanza. Ndinadziwa kuti ndalama imeneyo ikanatha kupita kumudzi kukawonjezera pa feteleza, ndipo ndinaganizira zimenezo ndisanatulutse chikwama. Koma munthu amene wakhala theka la tsiku akupinda, kuwotcherera ndi kumvetsera kanthu kamodzi sayenera kulipidwa mofanana ndi makina, ndipo munthu wa kutali ndi kwawo amafunikanso chomulimbitsa mtima kuti apitirize kutumiza.

Kuliza kunali ndi mavuto ake. Chipinda changa n'cha kuseri kwa nyumba ya eni ake, makoma ake opyapyala, ndipo anzanga oyandikana nawo ena amagwira ntchito usiku n'kumagona masana. Ndinaphunzira kutseka theka la kawindo ndi kaselotepi kuti liwu lichepe, n'kumayeserera zala chamumtima. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha kuno chimayeretsa kapinga m'mawa, chitsulo chimazizira moti mpweya wa m'kamwa umasanduka madzi m'kanjira kaja, liwu n'kuzimirira pakati pa nyimbo. Mankhwala ake n'kuchifunditsa m'jekete usanayambe, ndipo chikatsamwa utseke kawindo ndi chala n'kuuzira kamodzi mwamphamvu. Nsungwi inalibe khalidwe limeneli.

Nyimbo za kutchalitchi zinalowa mosavuta, chifukwa mabowo asanu ndi limodzi aja anawaboolera mawu a nyimbo za Azungu, kumenenso nyimbo zambiri za m'buku zinachokera. Zovuta zinali za kwathu. Nyimbo za chimtali zimene amayi ankaimba, za mganda, ndi zija za kumabani, zili ndi mawu ena amene amagwera pakati pa bowo ndi bowo. Ukaziliza molunjika zimamveka ngati zavala yunifolomu ya eni. Ndinayamba kutseka mabowo ena theka, kutsetsereza chala m'malo mochinyamula, ndipo pomalizira pake ndinayesa kagwiridwe ka atsibweni, kupendeketsa mutu n'kulowetsa chitoliro chakutsaya. Ndipamene ndinamvetsa chimene ankachitira zimenezo. Mlomo ukaphimbako kawindo liwu limatsika ndi kunenepa, ndipo ukhoza kulikhotetsa mmene ukufunira. Anyamata a ku Alexandra anatulukira njira imeneyi pofuna kuti chitsulo cha ku Ulaya chiyankhule za kwawo, ndipo inathandizanso nyimbo za ku Kasungu.

Dzina la Alexandra limandilemera polilemba. Kumeneko, kumene chitoliro chinakulira, n'kumenenso mu Meyi 2008 kunayambira chipolowe chothamangitsa anthu obwera, chimene chinapha anthu 62 m'dziko muno. Mu 2015 zinachitikanso, mabasi n'kumatuta Amalawi kubwerera kumudzi. Mlendo kuno amaphunzira kutsitsa mawu, kuyankha mwachidule m'tekisi, kusayankhula Chichewa mokweza pamalo osawadziwa. Chitoliro sichidziwa kubisala. Pachiyambi ndinkaopa kuchitulutsa panja. Koma Lamlungu lina ku Zoo Lake, agogo ena aakazi a kuno anaima n'kumvetsera, nditamaliza anandiuza kuti mchimwene wawo ankaliza chotere iwo ali mtsikana. Anafunsa kuti nyimboyo ndi ya kuti. Ndinawauza zoona, kuti ndi ya ku Malawi. Anati ndilizenso.

Panatsala chinthu chimodzi chimene sindinachiganizire pogula: woliza samva mtunda. Chitoliro chili pakamwa pako, liwu lili m'mutu mwako, ndipo chimene ine ndinkalakalaka chinali kukhala kumbali inayo, ya womvera. Ndinafotokozera mnzanga wa ku Santhe amene timapemphera limodzi. Tinapita kumalo ena opanda nyumba kummwera kwa mzinda, kufupi ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi, milu imene anthu a kwathu ngati atsibweni anathandiza kuunjika. Ndinamuphunzitsa mawu ochepa a nyimbo ya kumabani, ndinamusiyira chitoliro, ine n'kuyamba kuyenda. Ankaphonya mabowo, nthawi zina liwu linkadumpha, koma ndikamatalikira zolakwikazo zinkasungunuka, n'kutsala nyimbo yokha ikubwera ndi mphepo, kuzimirira, kubweranso. Ndinayenda mpaka mnzangayo anachepa m'maso. Misozi inatsika ndipo sindinaipukute. Pobwerera ndinamupeza nayenso maso ali ofiira, akuti nyimboyo kwawo amaiimba mosiyanako pomaliza, ndipo tinatsutsana za mathero akewo njira yonse mpaka pokwerera tekisi.

Ndinajambula nyimbo ziwiri pafoni n'kutumizira mlongo wanga pa WhatsApp. Anayankha ndi uthenga wamawu wautali. Anati mabani a pa esiteti ija anagwa, njerwa zake anthu anamangira nyumba, ndipo iye chaka chino wachepetsa fodya n'kuwonjezera soya ndi mtedza. Anati amayi anamvetsera kawiri n'kutchula dzina la atsibweni. Kenako anati mwana wake wamwamuna, amene amaweta mbuzi akaweruka kusukulu, wakhala akuvutitsa kuti amalume amutumizire chake.

Ndinabwerera kwa madala. Tinagwirizana kuti apange chachifupi, cha mabowo oyandikana, choti zala za mwana zifikire, ndipo anandiitana kuti ndidzakhalepo tsiku lopala mabowo. Ndachikulunga m'thawulo n'kuchilowetsa m'kapaipi kapulasitiki kuti chisaphwanyike. Chinyamuka ndi wa thiransipoti wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo ndamupempha kuti achisunge kutsogolo, asachiike pansi pa katundu. M'kalata ya mphwangayo ndalembamo kuti akachilandira asaleke kupanga za nsungwi, ndiponso kuti akafunse agogo ake mmene nyimbo ija imathera, andijambulire, chifukwa ine ndi mnzanga wa ku Santhe sitinagwirizanebe.